Gitala yamagetsi yopangidwa pakhonde kwa Chimaliro

Ndifotokoze za chizolowezi changa chimene ena kuno kwathu amachitcha misala, ena amati n'kutaya ndalama, pomwe ine ndimangochitcha ntchito ya Loweruka. Ndine mphunzitsi wa Physics pasukulu ina ya sekondale yoyendera kwa T/A Chimaliro m'boma la Thyolo. Ndikaika choko pansi ndimatolera magitala akufa, kuwadzutsa, ndi kupanga ena atsopano a magetsi. Pamene ndikulemba pano, m'chipinda chimene akazi anga ankafuna kuti chikhale cha alendo muli zoimbira 7: magitala atatu opanga ndekha, awiri amene ndinagula ali otheratu, ndi mabanjo awiri achikale. Alendo akabwera amagona pabalaza.

Ndinakulira pakomboni ya esiteti ina ya tiyi. Bambo anga ankalawira m'mamawa ndi dengu kumsana kukathyola tiyi, ndipo chuma chathu chachikulu chinali kawailesi ka mabatire. M'kawailesimo ndi mmene ndinamvera koyamba banjo ya Alan Namoko ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band. Namoko anali wa konkuno ku Thyolo, anali wosaona, ndipo ankaimba m'Chichewa ndi m'Chilomwe. Anamwalira mu 1995 ine ndisanayambe n'komwe sukulu, koma nyimbo zake sizinachoke pa MBC, ndipo chimbale chake cha Ana Osiidwa chinafika mpaka ku Ulaya. Nyimbo yake ikayamba, bambo ankatiletsa kulankhula.

Chodabwitsa n'chakuti bambo omwewo sankafuna kuona mwana wawo atagwira choimbira. Ndili Sitandade 6 ndinapanga banjo yanga yoyamba ndi chigaloni cha mafuta ophikira, kathabwa kotola ndi mawaya osomola ku buleki ya njinga. Ataiona anaiponda kamodzi kokha. Anati, "Iwe, anthu a magitala malipiro awo ndi kachasu. Ine ndikupsa ndi dzuwa m'tiyimu kuti iwe uphunzire." Ndinalira, koma lero ndimawamvetsa. Iwo anaona ndi maso awo oimba aluso akuyendayenda m'malo a mowa, kusangalatsa anthu usiku wonse, n'kubwerera kwawo opanda ngakhale ya sopo.

Chikhalirecho, dziko lino lili ndi mbiri yaitali ya anthu opanga ndi kuimba zoimbira zawozawo. Magitala ndi mabanjo anafala ndi asilikali obwera kunkhondo yachiwiri ya dziko lonse komanso amuna obwera ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia. Amene analibe ndalama yogulira ankangoyang'ana bwinobwino n'kukapanga yawo ndi galoni kapena chikopa cha mbuzi. Ku Chileka, m'mudzi wa Singano, kunali Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, amene katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana nawo mu 1967 ndipo pambuyo pake anakaimba ku Ulaya. Daniel, yemwe anamwalira mu 1987, ankachotsako nsambo imodzi pagitala n'kutsala ndi zisanu, koma ukamamvera umaganiza kuti akuimba anthu atatu. Ku Chiradzulu kuli Giddes Chalamanda. Masiku ano a Madalitso Band ayenda m'maiko ambiri ndi babatoni, choimbira cha nsambo imodzi chopanga pamanja. Choncho zimene ndimachita ine si zachilendo. Changa n'chakuti ndinawonjezerapo maginito ndi waya.

Maganizowa anandibwerera nditayamba ntchito, nditamaliza dipuloma yanga. Ndinafika pamutu wa Fomu 4 wokamba za mmene maginito amapangira magetsi, zimene Michael Faraday anatulukira mu 1831. Zipangizo zoonetsera ana panalibe. Ndinajambula pabolodi, ana anakopera, ndipo nditafunsa ngati amva onse anayankha kuti, "Eya, Sala." Ndinadziwa kuti palibe wamva. Madzulo ake ndikuganiza chimene ndingawaonetse, ndinakumbukira kuti gitala yamagetsi imagwira ntchito pa lamulo lomweli la Faraday.

Mwina awerengi ena amaganiza kuti m'gitala yamagetsi mumalowa magetsi ngati mu ayironi. Ayi ndithu. Gitalayo ndiyo imapanga magetsi akeake, ochepa kwambiri. Pansi pa nsambo pamakhala kachipangizo kotchedwa pikapu (osati galimoto ija yonyamula nthochi). Pikapu ndi maginito okulungidwa ndi waya wa kopa wowonda ngati tsitsi. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginitowo imasokoneza mphamvu yake, ndipo kusokonezekako kumabereka magetsi m'waya uja. Magetsiwo amanjenjemera mofanana ndi nsamboyo. Mwachitsanzo, nsambo yachisanu, ya A, imanjenjemera maulendo 110 pa sekondi, ndipo magetsi ake amateronso. Ampulifaya imawakulitsa, sipika n'kuwasandutsa mawu. N'chifukwa chake nsambo ya twayini siilira pagitala yamagetsi: maginito saikoka. Ngakhale mawaya ena a buleki ya njinga sakokedwa ndi maginito, ndiye muyambe mwawayesa musanavutike kuwamanga.

Nditawerenga mbiri ya chipangizochi ndinalimba mtima, chifukwa amene anachiyambitsa analinso anthu ongoyesayesa. Ku America, George Beauchamp ndi Adolph Rickenbacker anatulutsa gitala yamagetsi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 imene anthu anaitcha Frying Pan chifukwa inkaoneka ngati chiwaya. Les Paul anapanga yake pachipika cha mtengo n'kuitcha The Log. Leo Fender, amene dzina lake lili pamagitala otchuka a Telecaster ndi Stratocaster ya mu 1954, anayamba ngati wokonza mawailesi ndipo sanali woimba gitala. Ku England, Brian May wa gulu la Queen anapanga gitala yake ndi bambo ake m'zaka za m'ma 1960 pogwiritsa ntchito thabwa lakale la pamalo owothera moto, ndipo waimba nayo moyo wake wonse. Ndinadzifunsa kuti ngati thabwa la pamoto linatheka ku England, la kwa Chimaliro lingalephere bwanji?

Linalephera. Gitala yanga yoyamba ndinaipanga ndi bulugama wocheka kumene, chifukwa ndi mtengo umene umapezeka paliponse kuno. Timizere tachitsulo ta pakhosi, timene oimba amati mafureti, ndinatiika mongoyerekeza ndi maso poonera chithunzi. Inalira ndithu, ndipo ndinasangalala sabata ziwiri. Kenako chiperoni cha mwezi wa June chinafika, chinyontho chinalowa m'nyumba, ndipo pofika August khosi linali litapindika ngati uta. Nsambo zinatalikira moti chala chinkachita kupweteka pozikanikiza, ndipo nyimbo iliyonse inkamveka ngati yachisoni ngakhale ikhale ya ukwati.

Safunsa anadya phula. Ndinanyamula chigitalacho kupita nacho kwa mkulu wina wopala matabwa pamsika wathu. Anachitembenuza kawiri n'kuseka. Anati, "Aphunzitsi, mtengo uwu unali usanasiye kumwa madzi. Inu mukufuna thabwa limene linauma inu musanakwatire." Anandipatsa chitseko chakale cha mbawa chimene chinali chitadyedwa ndi chiswe m'munsi, nati ndidule pabwino pokhapokha. Anandiphunzitsanso kunola pulena ndi tchizulo, ndi kuyang'ana thabwa ndi diso limodzi kuchokera kumapeto kuti ndione ngati lawongoka. Malipiro ake anali akuti ndizithandiza mdzukulu wawo masamu.

Pali zinthu ziwiri zimene ndinaphunzira pagitala yachiwiriyi, ndipo aliyense wofuna kuyesa azisunge. Choyamba, nsambo 6 zikachunidwa zimakoka khosi ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu 40 mpaka 50, pafupifupi thumba la chimanga, usana ndi usiku. Ndiye khosi limafuna thabwa louma ndi lolimba monga mbawa kapena mlombwa, ndipo mkati mwake muzigoneka kachitsulo kolimbitsa. Musapite kukadula mtengo wamoyo. Zitseko, mabedi ndi matebulo akale ndi abwino koposa chifukwa anauma kalekale, komanso mitengo yachilengedwe yatha kale m'mapiri athuwa.

Chachiwiri, mafureti saikidwa ndi maso, amaikidwa ndi masamu. Pamagitala ambiri a Fender, gawo la nsambo limene limanjenjemera limatalika mamilimita 648. Mukagawa 648 ndi 17.817 mupeza 36.4, ndipo pamenepo ndi pamene pamakhala fureti yoyamba kuchokera kumutu. Mukachotsa 36.4 pa 648 patsala 611.6, gawaninso ndi 17.817 mupeza 34.3, umene ndi mtunda wochokera pafureti yoyamba kufika payachiwiri. Mumapitiriza chomwecho, ndipo mipata imanka nichepa. Ngati mwawerengera bwino, fureti ya nambala 12 imagwera pakati penipeni, pamamilimita 324. Ikapanda kugwera pamenepo, bwererani musanatenge sowo. Milimita imodzi yolakwika khutu limaimva.

Pikapu ndiyo inandidyera nthawi. Ya kufakitale imakhala ndi waya wokulungidwa maulendo pafupifupi 8,000, ndipo waya wowonda chotero sindinaupeze. Ndinasomola wa m'timathiransifoma ta mawailesi akufa, mbali imene imakhala ndi waya wowonda kwambiri. Maginito ndinachotsa kusipika yong'ambika, ndipo pansi pa nsambo iliyonse ndinaikapo kabawuti kachitsulo. Ntchito yokulunga ndinaitengera kusukulu. Tinamangirira kachipangizoko pa dirilo yopukusa ndi manja. Mwana mmodzi ankapukusa, wina ankawongolera waya ndi zala, wachitatu ankawerenga, ndipo akafika pa 100 ankaponya nyemba imodzi m'kapu. Waya unaduka kanayi, ndipo kanayi konse tinalumikiza ndi mtovu n'kupitiriza. Nyemba zitakwana 35 malo anatha.

Tsiku loiyesa sindidzaliiwala. Tinalumikiza pikapu ija ku ampulifaya yaing'ono yoyendera batire ya sola ya mavoti 12. Tisanamange n'komwe nsambo, mtsikana wina wa Fomu 4 anagogoda kabawuti kamodzi ndi msomali, ndipo sipika inayankha kuti "gu!" Kalasi yonse inakuwa. Mnyamata wina wokhala kumbuyo, amene chaka chonse anali asanafunsepo funso, anaimika dzanja. "Sala, nanga batire ya pikapuyo ili pati?" Ndinamuuza kuti ilibe. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ndiye kuti msomaliwo ndi umene ukupanga magetsi?" Zimene ndinalephera kufotokoza ndi choko kwa zaka zitatu, iye anazinena m'chiganizo chimodzi.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse zakhala zokoma. Chizolowezi ichi chinatsala pang'ono kundipasulira banja. Chaka china ndinapita ku Limbe ndi ndalama ya feteleza wobereketsa. Ndikudutsa pamalo ena ogulitsa katundu wakale ndinaona gitala yofiira, yonyezimira, pamutu pake palembedwa dzina la kampani yotchuka. Wogulitsa anati yangotsika kumene kuchokera ku Joni ndipo wina akubwera kudzaitenga madzulo. Ndinapereka ndalama yonse. Nditafika kunyumba n'kumasula khosi, ndinapeza kuti thupi lake ndi pulayiwudi wopaka penti, dzina lija ndi lomata, ndipo pikapu imodzi mwa zitatu inali yakufa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Akazi anga sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Bambo, ndiye ana adya gitalayo?" Chaka chimenecho chimanga chathu chinaona feteleza kamodzi kokha, ndipo pofika January tinali tikugula ufa wa pambale. Nkhaniyo inafika kwa ankhoswe. Chimene tinagwirizana, ndipo ndikuchisunga mpaka lero, n'chakuti tambala iliyonse ya malipiro anga siilowa m'magitala. Magitala azidzidyetsa okha. Ndimakonza a makwaya a m'matchalitchi, zingwe za maikolofoni ndi masipika a anyamata a madisiko, ndipo kangachepe kamene ndimapeza ndiko kamagula nsambo. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, nsambo zinakwera mtengo moti ndinayamba kuphika zakale m'madzi owira kuti litsiro lichoke zilirenso kwa sabata zingapo. Tsiku limene akazi anga anavundukula poto n'kupeza mawaya, anaseka mpaka anakhala pansi.

Kwa amene mukufuna kugula gitala yakale, phunziraniponi pa ine. Musayang'ane dzina kapena penti. Yang'anani khosi kuchokera kumutu ngati lawongoka. Imbani nsambo iliyonse osakanikiza, kenako muikanikize pafureti ya 12. Mawu ake ayenera kukhala omwewo koma okwera. Gogodani pikapu iliyonse ndi kandalama kachitsulo gitala italumikizidwa kuti mumve ngati ili moyo. Ndipo wogulitsa akakuuzani kuti wina akubwera madzulo, musiyeni winayo abwere.

Chinthu china chimene sindingachisiye ndi ngozi ya magetsi. Ndanena kuti gitala payokha imapanga magetsi ochepa osavulaza munthu, koma ampulifaya yolumikiza kukhoma ili ndi mavoti 230. Nsambo za gitala zimalumikizidwa ndi waya kuthupi la ampulifayayo. Mkati mukawonongeka, ndipo pulagi ilibe waya wachitatu uja wopititsa magetsi pansi, njira ya magetsiwo imakhala dzanja la woimba. Zinandichitikira pokonzekera ukwati wina. Ampulifaya inali yobwereka, mawaya ake anali ongolowetsa m'soketi ndi timitengo ta machesi, ine ndinali nditavula nsapato pasimenti yonyowa. Nditagwira nsambo ndinaponyedwa pakhoma, ndipo dzanja linachita dzanzi mpaka mawa lake. Ndinapulumuka. Keith Relf, woimba wa gulu la Yardbirds ku England, anafa mu 1976 ataphedwa ndi magetsi akuimba gitala kunyumba kwake. A makwaya ndi a mabandi, chonde musamadule phini lachitatu la pulagi, musamaimbe opanda nsapato, ndipo maikolofoni ikayamba kuluma milomo zimitsani zonse. Ana asukulu ine ndimawagwiritsa za batire zokhazokha.

Batire ilinso ndi ubwino wina. Pikapu ya koyilo imodzi imatola kulira kwa magetsi a m'nyumba, aja amanjenjemera maulendo 50 pa sekondi, ndipo sipika imangoti "mmmm" ngati njuchi. Vutoli ndi lakale, ndipo Seth Lover wa kukampani ya Gibson analithetsa m'zaka za m'ma 1950 poika makoyilo awiri oyang'ana mosiyana kuti phokoso la imodzi lizifafaniza la inzake. Gitala yanga yachitatu ndinaipanga motero. Koma magetsi akazima m'dera lonse, ine n'kulumikiza kubatire, ngakhale ya koyilo imodzi ija imalira mwaukhondo. Mwina ndine ndekha kuno amene amapezako kabwino magetsi akathima.

Nanga ana aja zinawathera bwanji? Sindinena kuti gitala inasintha miyoyo yawo. Mnyamata wa funso uja sanalembe n'komwe mayeso a MSCE. Fizi inasowa, anathyolako tiyi nyengo imodzi, ndipo pano ali ku Joni. Zimandipweteka, chifukwa mutu unalipo. Mtsikana wa msomali uja anakhoza Physics koma sanapite patali ndi sukulu. Pano ali ndi kabenchi pamsika pomwe amakonza matochi, machaja ndi mawailesi, ndipo amawotcherera mwaukhondo kundiposa. Ntchito ikandichulukira ndimatumiza kwa iye. Chaka chilichonse kalasi yatsopano imakulunga pikapu yake, ndipo nyemba zimalowabe m'kapu.

Mabanjo awiri aja ali ndi nkhani yawo. Imodzi ndinaipeza pamaliro a mkulu wina amene ankaimba m'makomboni kalekale. Inali itaponyedwa pamulu wa nkhuni zophikira anthu olira. Ndinapempha achibale, ndipo anadabwa kuti mphunzitsi akufuna chiyani ndi chinthu chotere. Chikopa chake n'chong'ambika, koma pakhosi pake pali maenje osalala pamene zala za mwini wake zinadutsa kwa zaka zambiri. Sindinaikonze, ndipo sindidzaikonza. Ikatha mibadwo iwiri, ndani adzadziwe mmene anthu a m'minda ya tiyi ankapangira zoimbira zawo? Ku America magitala oyamba aja amasungidwa m'nyumba zoonetsera zakale. Ife athu timaphikira nyemba.

Pempho langa lili patatu. Kwa mabanja amene muli ndi banjo, bangwe kapena gitala ya galoni ya malemu, musaiotche. Isungeni pouma, lembani dzina la mwini wake ndi mudzi wake, ndipo ngati mulibe malo funsani kunyumba yosungira zakale ku Chichiri kapena kusukulu yapafupi. Kwa aphunzitsi anzanga a sayansi m'masukulu akumudzi, tisamangodandaula za kusowa kwa labu. Sipika yakufa ndi wailesi yakufa zili pafupifupi m'mudzi uliwonse. Kwa makolo, mwana akapanga choimbira muyambe mwamufunsa mmene wachipangira musanachiponde. Mwina mukuponda mmisiri.

Bambo anga pano ndi okalamba, msana unatha ndi dengu. Pa Khirisimasi yapitayi anabwera kwathu, ndipo madzulo ndinatulutsa gitala ya chitseko cha mbawa ija n'kuimba pang'onopang'ono nyimbo ina ya Namoko. Sanayankhule mpaka ndinamaliza. Kenako anaitenga, anaiyang'ana ndi diso limodzi kuchokera kumutu ngati mmene amachitira mkulu wa matabwa uja, n'kundibwezera. Anati, "Yawongoka. Koma ntchito ya boma usasiye." Ndinawatsimikizira kuti sindisiya. Lolemba ndili ndi Fomu 4 m'mawa, ndipo Loweruka likubwerali ndikuyamba kupala khosi la gitala yachinayi. Thabwa lake ndi mwendo wa bedi lakale la apongozi anga, ndipo anachita kundipatsa okha.